Chivundikiro cha Doña Eufrasia

Akulikulu anamuuza Leandro Gascón mosazungulira: nthambi ya banki ya ku Fuentealbar itsekedwe Lachisanu, iye asamukire ku Zaragoza komwe mkazi wake wamudikira zaka zisanu ndi chimodzi, koma m'buku la madandaulo musatsale dandaulo ngakhale limodzi. Linatsala limodzi, ndipo Lachinayi m'mawa linalowa pakhomo litavala zakuda, poto ali kukhwapa.

"Mwadzuka bwanji, Doña Eufrasia?"

"Ndadzuka wopanda chivundikiro, ngati dzulo." Anakhazika poto patebulo, gu! "Chaka cha 1987 ndinasungitsa muno mapeseta, ndalama za malemu amuna anga. Munati wosungitsa aliyense alandira poto ndi chivundikiro chake. Poto ndi uyu."

Leandro anali munthu wa pepala. Chimene sichinalembedwe, kwa iye sichinachitike, ngakhale chitamuponda phazi.

"Dandaulo lanu ndaliwerenga, mayi. Koma amene anakulonjezani ndi a banki ya Caja de Fuentealbar. Amenewo kulibenso."

"Anamwalira?"

"Anaphatikizana ndi a Caja de la Sierra."

"Ndiitanireni a Sierra-wo."

"Nawonso kulibe. Anamezedwa ndi banki ya kuchigwa, ya kuchigwayo n'kugulidwa ndi ife."

"Ehe! Ndiye kuti chivundikiro changa chili m'mimba mwanu."

"Ife tinagula nyumba, mipando ndi makasitomala. Pamndandanda palibe chivundikiro."

"Makasitomala? Munagula ine?"

"Papepala, inde."

"Osandiuza n'komwe! Chabwino, mwini wanga, ndivundikireni nyemba."

Leandro anawerama, n'kutulutsa phukusi pansi pa tebulo. Anali atagula chivundikiro ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo analitambasula monyadira.

"Chatsopano ichi. Chagalasi."

"Chagalasi? Kuti ndiziona nyemba zikuzunzika?" Anachitembenuza ndi zala ziwiri. "Njuchi ili kuti?"

"Njuchi?"

"Onani pa poto apa. Njuchi ya banki. Chivundikiro chakenso chinali ndi njuchi."

"Njuchi inachotsedwa kalekale, mayi. Chizindikiro chathu tsopano ndi mzere wobiriwira wokhotakhota."

"Wotanthauza chiyani?"

"Tsogolo."

"Ine ndimayesa nyongolotsi."

Leandro anapukuta magalasi ake, omwe sanali akuda.

"Tichite chonchi. Musaine apa kuti nkhani yatha, kenako mukadandaulenso pa foni. Masiku ano zonse zikuchitika pa foni."

"Foni ingavundikire poto?"

Leandro anayang'ana foni, n'kuyang'ana kukamwa kwa poto.

"Ayi, ndi yaing'ono."

"Nanga mukatseka muno, penshoni tizikaitola kuti?"

"Kuzibwera basi ya banki, kamodzi pa mwezi."

"Banki yamatayala! Mayo ine. Yamaziko inathawa ndi chivundikiro, nanga yamatayala idzatisiyira chiyani?"

"Siingathawe, mayi. Ili ndi ndandanda wa maulendo."

"Ndilembereninso limenelo m'buku."

"Limenelo si dandaulo, ndi maganizo chabe. Likanakhala dandaulo ndikanalemba. Lamulo limati dandaulo lililonse lofika khomo lili chotsegula lilembedwe."

"Lililonse?"

"Lililonse."

Gogoyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati wamva nkhani yabwino kutchalitchi. Koma Leandro sanaone. Zaka zisanu ndi chimodzi za kudya tchizi choimirira m'kachipinda kalendi zinamuwawa nthawi imodzi.

"Doña Eufrasia, ndagwira mwendo. Mkazi wanga wanena kuti ndikapanda kubwerera mwezi uno, mbali yanga ya bedi apatsa galu."

"Galu wamkulu?"

"Makilogalamu makumi atatu ndi anayi."

"Ndiye fulumirani kufunafuna, mwana wanga."

"Ndifune kuti? Ndagwedeza makabati onse! Ndatsika kuchipinda chapansi, ndapeza makalendala a zaka makumi atatu, maambulera, mabulangete, wailesi. Banki iyi inagawa chilichonse kupatula chivundikiro chanu!"

Anatembenukira kuwindo kuti gogoyo asaone nkhope yake. Pawindopo panali duwa lofiira lomwe mamanijala onse akale ankalithirira, ndipo mphika wa duwalo unakhala pa kambale kachitsulo kakuda ndi ndere. Leandro anakayang'ana nthawi yaitali. Ananyamula duwa, n'kupala kambale kaja ndi chikhadabo. Njuchi.

"Ndi chimenecho," anatero Doña Eufrasia osadzuka pampando. "Anangochotsa chogwirira."

"Mumadziwa?"

"Ndachiona pamenepo kuyambira 1987."

"Nanga osanena bwanji?"

"Duwa likanakhala pa chiyani?"

Leandro anachitembenuza, ndipo nkhope inagwa. Kunsi kwake kunali kapepala komata.

"Pepani, mayi. Sindingakupatseni."

"Mwati bwanji?"

"Palembedwa kuti katundu wa banki, nambala 114, mbale ya duwa. Inu mukufuna chivundikiro. Iyi ndi mbale."

"Ili ndi njuchi!"

"Ndi mbale ya njuchi."

"Iikeni pa poto tione."

"Ndikaika pa poto ioneka ngati chivundikiro."

"Leandro, mukufuna kukagona pabedi kapena pamkeka wa galu?"

Bamboyo anayang'ana kukhomo, anayang'ana kudenga, n'kutseka maso. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu za ntchito anali asanatengepo ngakhale cholembera cha banki. Anamatula kapepala kaja, n'kukameza. Inde, anakameza, kuti pasapezeke umboni. Kenako anatsuka chitsulocho kumpopi, n'kuchiika pa poto. Chinakhala kuti khwatha, ngati sichinachokepo.

"Sainani apa. Ndi apa. Ndi apanso."

Doña Eufrasia anasaina mosathamanga, chilembo chilichonse ndi mchira wake. Leandro anamenya chidindo mwamphamvu mpaka duwa linagwedezeka, n'kutseka buku. Ankafuna kulira, ankafuna kuvina. Anagwira foni kuti aimbire mkazi wake.

"Zikomo, mayi! Mulungu akudalitseni! Nyemba zipse bwino!"

"Zipsa." Gogoyo anapanira poto kukhwapa, n'kutsegula chitseko. "Zanga zatha! Lowa, Fermina, nthawi ndi yako."

Leandro anasuzumira panja. Mzere unayambira pakhomo, n'kudutsa pa kasupe wa pabwalo, n'kukakhota kuseri kwa tchalitchi. Nkhalamba zamipango, madala azipewa ndi ndodo, wophika buledi, ngakhale wansembe. Aliyense ananyamula poto wa njuchi, ndipo mapoto onse anali yasa, kukamwa kuloza kumwamba.

"Iyayi! Iyayi! Onsewa analandira zivundikiro!"

"Muli ndi pepala losonyeza zimenezo?" anafunsa gogoyo.

Leandro anatembenukira kumakabati ake. Pepala analibe.

"Khomo lili chotsegula," anatero Doña Eufrasia, akumubwezera cholembera m'dzanja. "Mapoto munagawa mazana awiri chaka chimene chija, mwana wanga. Imbani foniyo, muwauze mayi akunyumba kuti galu atambasule miyendo."