Dokotala Blasius Pitala, Wofufuza za Ukalamba

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1966 ku Ngokwe m'boma la Machinga, m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Pulayimale anaphunzira kwawo komweko, sekondale ku Balaka, ndipo mu 1990 anatsiriza maphunziro a sayansi ku yunivesite ku Zomba. Mu 1993 anamanga banja ndi Mayi Thandi a ku Rivirivi. Kenaka anapita kunja kukazama pa za DNA, zimene munthu amatengera kwa makolo ake.

Mu 2014 anayamba kafukufuku amene ambiri munawadziwira. Ankafuna kudziwa chifukwa chake m'mabanja ena anthu amapitirira zaka 90 akulimabe, akuyenda okha kupita kumzikiti kapena kutchalitchi. Ankayendera okalamba a ku Machinga ndi Balaka, kuwayeza mphamvu za m'manja, ndi kutenga magazi pang'ono kwa iwo ndi abale awo.

Mu Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zili mkati, anthu ku Nayuchi anagenda galimoto la malemu, ndipo diso lawo lakumanzere linawonongeka. Anawapulumutsa ndi Che Abdulaziz, mkulu wa zaka 92, amene anawalowetsa m'nyumba mwawo n'kukhala pakhomo mpaka gululo litabalalika. Ife apabanja tinawaletsa kubwererako, koma chaka chotsatira anabwerera. Che Abdulaziz anapereka mkono wawo kuti atengedwe magazi anthu onse akuona, ena n'kutsatira.

Akafunsidwa zimene apeza, malemu ankayankha kuti mtundu uli ndi mbali yake, koma mankhwala a ukalamba sanawapeze, ndipo aliyense wogulitsa otero ndi wabodza.

Mu Januwale 2024 anapezeka ndi khansa ya m'chiwindi. Ntchito anaisiya m'manja mwa ophunzira awo isanathe. Anatisiya pa 17 Ogasiti kunyumba kwawo ku Liwonde, ali ndi zaka 58.

Asiya mkazi, ana atatu, adzukulu awiri, komanso mayi awo owabereka, a zaka 94, amene akhala pafupi ndi bokosipa.

Tikuthokoza madokotala, ampingo ndi anzawo akuntchito. Mwapadera tikuthokoza agogo ochokera m'midzi yosiyanasiyana amene mwakhala kutsogoloku. Tinakupemphani kuti musavutike ndi ulendo, koma mwabwera kudzaperekeza mwana wanu.

Mzimu wa bambo athu a Pitala uuse mumtendere.