Nsanja Yachinayi ya Bambo Staford Kachingwe

Malemu athu, Bambo Staford Kachingwe, anabadwa pa 9 Ogasiti 1970 m'komboni ya ku Madziwa. Anali achiwiri kubadwa kwa a Jasper Kachingwe, amene anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya mumgodi, ndi Mayi Sabina. Pulayimale anaphunzira komweko, sekondale kuno ku Bindura, ndipo mu 1990 anapita ku Harare kukaphunzira zamagetsi ndi mawailesi. Pa 14 Disembala 1996 anamanga banja ndi Mayi Eliness m'tchalitchi muno.

Mu 1998 analowa ntchito pamgodi wina wa golide, yokonza mawailesi a m'manja amene anthu a pansi amalankhulirana nawo ndi a kunja. Masiku amenewo tchanelo inali imodzi yokha, moti aliyense ankadikira kuti mnzake amalize. Mu 2007 mwala unagwera anthu awiri pansi. Mnzawo anakuwa pawailesi, koma nthawi yomweyo alonda a pageti ankakambirana za lole, ndipo mawu ake sanadutse. Mmodzi mwa awiriwo, a Liberty Mbewe, anamwalira thandizo lisanafike. Wailesiyo inalibe vuto, malemu anali ataiyesa okha m'mawa wa tsikulo. Kuyambira pamenepo mtima wawo sunakhalenso m'malo. Ngakhale ali patchuthi, ankapezeka pageti akufunsa ngati a pansi akumveka.

Mu 2019 migodi itatu yoyandikana inagwirizana zomanga netiweki imodzi ya dijito, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa malemu. Ankatifotokozera kuti anthu asiya kulimbirana tchanelo, makina ndiwo azipatsa aliyense yomwe ilibe munthu. Ambulansi izikhala ndi gulu lake, alonda lawo, a pansi lawo, ndipo wodina batani la ngozi azidutsa patsogolo pa onse. Kuti zimenezi zitheke panafunika nsanja zinayi pamapiri, zoonana ndi zolumikizana. Malemu anayenda misewu yonse ya dera lino, kuima paliponse n'kuitana kuti adziwe pamene mawu akuthera. Anakambirana ndi eni minda za malo, analondola chilolezo ku Harare mpaka oyendetsa timabasi ta kombi anawazolowera, ndipo pansi anayala waya wonyamula mawu m'njira zonse za mumgodi.

Pofika 2022 nsanja zitatu zinali zitayaka, koma mpumulo sanaupeze. Mphezi inaotcha makina a nsanja yapakati. Atangowakonza, mbala zinachotsa mabatire ndi masola pa ina. Mayi Eliness akuti mitambo ikayamba kuda, bambo ankasiya chakudya n'kutuluka panja kukayang'ana kumapiri. Magazi anayamba kuthamanga kwambiri. Adokotala anawaletsa kukwera mapiri, koma sanamvere, chifukwa m'chigwa cha msewu wa ku Madziwa, momwe mumadutsa malole ndi ambulansi, wailesi inali isanayambe kumveka. Nsanja yachinayi inali ya chigwa chimenecho.

Pa 3 Okutobala chaka chino anakomoka m'munsi mwa phiri la nsanja yachinayiyo akutsitsa zitsulo. Mwana wawo woyamba, a Yeukai, amene amagwira nawo ntchito, anaitana pawailesi koma sanamveke, foni nayonso sinagwire. Anawakweza m'galimoto n'kuthamanga nawo mpaka pachitunda, m'pamene mawu anadutsa. Anagonekedwa kuchipatala kuno ku Bindura atafa mbali imodzi. Tsiku lomwe lilime linamasuka pang'ono anagwira dzanja la mwana wawoyo n'kufunsa kuti, “Yayaka?” A Yeukai sanafune kuwanamiza. Anawauza kuti ayi, makina ake adakali m'njira. Malemu anatisiya m'mawa wa pa 11 Okutobala.

Banja landituma kuti ndinene izi poyera, pakuti ambiri muli pano mawa mubwerera kuntchito. Nsanja ija sinayakebe, ndipo mvula yayandikira. Madalaivala, mukalowa m'chigwa muja musadalire wailesi. Dziwitsani anzanu musanatsike, ndipo mukakwera muwadziwitsenso. A Yeukai ndi anzawo akuti ayesetsa, koma zambiri za ntchitoyi bambo anali nazo m'mutu, moti tsiku lomaliza sangalilonjeze.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Eliness, ana atatu, a Yeukai, a Kudakwashe ndi a Beverly, zidzukulu ziwiri, ndi mayi awo owabereka, amene alephera kufika chifukwa cha miyendo. Tikuthokoza abusa ndi amayi a mpingo, anamwino amene anawasamalira, akuluakulu a kumigodi potipatsa galimoto, ndi anzawo a kuntchito amene akumba manda.

Ena mwa inu muli pantchito ngakhale pano, ndipo munafunsa ngati muzimitse mawailesi popita kumanda. Mayi Eliness ayankha kuti musazimitse, mungotsitsa mawu.

Bambo Kachingwe, munakhala zaka zambiri mtima uli m'mwamba chifukwa cha miyoyo ya anzanu. Mulungu akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.