Msana wa Amayi Anga pa Kanema

Ku holo ya esiteti ya tiyi ku Thyolo kunabwera chikondwerero cha mafilimu akalekale amene awakonzanso, aja oonera ndi magalasi apepala, zinthu n'kumaoneka ngati zikutuluka pansalu. Pamzere, dzuwa likuswa mtengo, bambo wina wachipewa anayamba mayi wachikulire amene anali patsogolo pake.

"Mayi, dzulo munaonera kale inu. Apatseni mpata anzanu."

"Ndinaonera chiyani? Galu wa mzungu! Galuyo ndiye amatuluka mpaka kufuna kundinyambita. Ine ndabwerera amayi anga."

"Ali m'holomu?"

"Ali mufilimumo, akuthyola tiyi. Anamwalira ndili khanda, nkhope yawo sindiidziwa. Azakhali ndi amene anawazindikira ndi phazi lawo lopindika."

"Ndiye munawaona. Si basi?"

"Ndinaona dengu ndi msana! Awerama, kapitawo ali pambali. Lero ndikakhala pakona, kutsogolo kwenikweni, ndikawasuzumire cham'munsi."

"Sizitheka zimenezo, mayi. Olo mugone pansi, muona zomwe anajambula zokhazo."

"Mukudziwa chiyani inu? Nthambi ya tiyi inafika pamphuno pangapa!"

"Maso amangonamizidwa. Ine ndinayesa dzulo, ndinazungulira mpaka kuseri kwa nsalu. Kuli khoma."

"Ohoo, nanunso munalipo, koma mukuthamangitsa ine! Mumafuna ndani kuseriko?"

"Bambo anga. Akungooneka manja okha, mutu wojambulayo anausiya kunja."

"Ndiye anthuwa akuti akonza chiyani?"

"Kaya. Tasunthani, atsegula chitseko."

"Musandikankhe! Pakonapo ndikakhalabe ine. Inu mukakhale kona inayo, mukaona nkhope mukandikuwire."