Galimoto Yamimba Yosongoka

Pa siteji ya basi ku Pretoria panadutsa lole itanyamula galimoto yankhondo yakale, yopakidwa utoto woyera. Bambo wina wa zipsera m'manja anatembenukira mayi amene anali naye pabenchi.

"Mwaiona mimba yake, mayi? Yosongoka ngati kunsi kwa bwato. Zimenezo ndinkawotcherera ndine, zaka khumi ndi zinayi."

"Kusongokako n'kwa chiyani, bambo?"

"Ikaponda bomba lokwirira, moto umagawikana, wina uku, wina uku. Tayala limathothoka, koma ndi dala. Anyamata khumi amatulukamo amoyo, makutu okha akulira."

"Nanga kutalika konseko?"

"Kuti moto uzifika m'mwambamo utatopa kale."

"Kwathu ku Mamelodi kunalibe mabomba okwirira, komatu nthawi ya tsankho inkabwera. Ndi kutalika kwakeko, msilikali ankaonera pamwamba pa mpanda wathu. Ndi mmene anamuonera mlongo wanga Lesiba, atabisala kuseri kwa khola la nkhuku. Anamuwombera pomwepo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

Bamboyo anayang'ana manja ake.

"Ife anatiuza kuti zikupita kumalire."

"Mwina zina zinapitadi."

"Iyi akuti ikupita ku Angola, kukazula mabomba m'minda ya anthu."

"Ipite. Kumeneko ikapulumutse ana a eni."

"Mayi, msoko uliwonse ndinkauyeza kawiri. Ndinkaganizira mwana wa munthu amene adzakhale m'katimo."

"Sindikukutsutsani, bambo. Kungoti za ife oima kunja palibe anakupatsani muyeso wake."