Mwana Wanga Wokhala Kumapeto kwa Benchi

Okondedwa mwa Ambuye, inu nonse amene mumawerenga maumboni a anzanu kuti mulimbe mtima, landirani moni wochokera kuno ku Tsangano, kumapiri ozizira a Ntcheu. Ine ndine mayi wachikulire, wamasiye, ndipo sindidazolowere kutulutsa za m'nyumba mwanga pagulu. Ndalemba izi nditapempha chilolezo kwa mwana wanga ndi kwa mkazi wake, pakuti nkhaniyi ndi yawo kuposa mmene ilili yanga. Yesero limene lidatigwera ndi ili: mwana wanga adachotsedwa ntchito, adabwerera kumudzi, ndipo adasiya kulankhula. Tinkagona m'nyumba imodzi, koma ndidali ndekha kuposa chaka chimene ndidaika bambo ake m'manda.

Dzina lake ndi Limbani, koma chibadwire cha mdzukulu wanga ndimamutchula kuti bambo a Tadala. Ndi mwana yekhayo amene adanditsalira. Mpira adauyamba ali wamng'ono, wopanda nsapato, pabwalo lotsetsereka la sukulu ya kwathu kuno, pamene mpira ukaphonya golo umakagwera m'dimba la kabichi. Ali ku sekondale anthu ankati adzafika patali. Adasewerako timu ina yaing'ono ku Lilongwe, koma adavulala bondo dzina lake lisadamveke, ndipo bondolo silidabwererenso mwakale. Mpaka lero kukazizira amayenda motsimphina. Ngakhale zidatero, sadafune kusiyana ndi bwalo. Ankatolera mipira ndi kuchapira anzake yunifomu, kenaka adachita maphunziro a ukochi. Kochi wina wamkulu adamukonda, namutenga kuti akakhale wachiwiri wake pa koleji ina yaing'ono yophunzitsa ntchito zamanja, m'chigawo cha kummwera.

Ine ndidaphunzira mpaka ku sekondale m'masiku amene atsikana ambiri sankafikako, choncho ndimafuna kumvetsa chinthu ndisadachiyankhule. Atabwera patchuthi nthawi ina, ndidamufunsa.

“Bambo a Tadala, ntchito yanuyi kwenikweni ndi yotani? Achibale akandifunsa ndiziti chiyani?”

Adaseka. “Mayi, kochi wamkulu amasankha anyamata oti alowe m'bwalo. Ine ndimatsala ndi amene sadasankhidwe.”

“Ndiye mumatani nawo?”

“Ndimakhala nawo.”

Yankholo lidandichepera, koma ndidalisunga mumtima osalitsutsa. Kwa achibale ndinkangoti amaphunzitsa masewero ku koleji.

Chaka china timu yawo idagonja motsatizana, ndipo akuluakulu a kolejiyo adachotsa kochi wamkulu. Apa ndi pamene ndidaphunzira kachitidwe ka anthu a mpira: kochi amabwera ndi anthu ake, ndipo amachoka ndi anthu ake. Kochi watsopano adafika ndi wachiwiri wake. Palibe amene adanena kuti mwana wanga walakwa kanthu. Palibenso amene adamuthokoza. Adangopeza kuti pabwalo paima munthu wina ndi wezulo m'khosi. Nyumba imene ankakhalamo idali ya koleji, kotero adayenera kutulukamo. Mpongozi wanga adatenga Tadala kupita naye kwa makolo ake ku Kandeu kuti mwana asadukize sukulu. Sindimuimba mlandu mpang'ono pomwe. Adachita mwanzeru, ndipo ankaimba foni kawirikawiri. Amene sankayankha ndi mwana wanga.

Adafika pakhomo pa njinga yamoto ya kabaza, ndi chikwama chimodzi. Pakhonde pathu pali benchi imene bambo ake adakhoma kalekale. Adakhala kumapeto kwenikweni kwa benchiyo, nayang'ana mapiri a ku Mozambique, ndipo kumeneko ndi kumene maso ake adakhala miyezi yotsatira. Kukacha ankatuluka kukakhala pamenepo, dzuwa likapendeka ankalowa. Chakudya ankangochikhudza. Wailesi ikayamba kuulutsa mpira ankadzuka n'kuitseka, osakwiya, osanena kanthu.

Achibale sadatitaye. Amalume ake adabwera, adakhala moyang'anizana naye, namulangiza kuti agwire khasu kapena atsatire anzake ku Joni. Akulu a mpingo adabwera, adaimba, adapemphera, namuuza kuti alimbe mtima monga mwa dzina lake. Onsewo ankanena zabwino ndi mtima wabwino. Iye ankawamvetsera mwaulemu, n'kuyankha kuti, “Zikomo.” Akachoka, nkhope yake inkakhala yotsekeka kuposa poyamba.

Ndiyenera kunena poyera chimene ndinkaopa, pakuti mwina wina mwa inu akuchiopanso lero. Kuno kwathu taikapo amuna amene adayamba ndi kukhala chete kotere. Tsiku lina ndidatenga mankhwala onse opopera kachewere amene adali m'chipinda chosungira mbewu, ndidawakulunga m'thumba, ndi kukawasiya kwa mayi woyandikana nane. Ndidamuuza kuti andisungire, osamuuza chifukwa. Sindikadatha kuuza munthu, pakuti ndinkafuna kusunga ulemu wa mwana wanga kuti akadzachira asadzayende chowerama m'mudzi mwake. Choncho mantha aja ndidawasenza ndekha. Ndikapita kumunda ndinkatembenuka kawirikawiri kuyang'ana pakhonde, kuti ndione ngati mutu wake ukuonekabe. Ndikapita kutchalitchi ndinkatuluka nyimbo yomaliza isadathe. Amayi anzanga ankati ndayamba kunyada.

Mmawa wina ndili m'munda, chifunga chitaphimba mizere, ndidagwada pakati pa kachewere. Sindidapemphere mawu okongola. Ndidati, “Ambuye, ine mawu andithera, ndipo onse amene ndimawadziwa ayesa. Ngati alipo munthu padziko lino amene angathe kumufikira mwana ameneyu, mutumizeni, pakuti ine sindimudziwa.” Ndidadzuka mawondo atanyowa, ndipo kunyumba ndidapeza zonse zili monga ndidazisiyira.

Pakati pa katundu amene adabwera naye padali jekete ya timu, yobiriwira, yokhala ndi chizindikiro cha koleji pachifuwa. Sabata yoyamba adaiponya m'dzenje la zinyalala. Ine ndidaitola iye osaona, ndidaichapa, ndi kuibisa pansi pa mphasa yanga. Kuzizira kwa Juni kutafika, ndidayamba kuivala popita kumsika, ndipo ndinkaivala ndikapitirira mtengo wa pichesi umene uli kumapeto kwa munda, kuti mwana wanga asaione.

Tsiku lina la msika ndidaima pambali pa matumba anga, kudikira ogula amene amabwera ndi malole. Padafika bambo wina wamtali, wa manja akuluakulu, atavala kachipewa ka Asilamu. Adayamba kufunsa za kachewere, kenaka adasiya mawu pakati, maso ali pachifuwa panga.

“Mayi, pepani. Jekete mwavalayi ndi ya pakaunjika?”

“Iyayi, bambo. Ndi ya mwana wanga.”

“Iyitu si ya osewera. Yamtundu uwu adali nayo anthu awiri okha, ndipo kochi wamkulu sakadakwanamo ndi mimba ija. Kodi ndinu mayi awo a kochi aang'ono?”

Ndidavomera. Adavula kachipewa kaja, n'kukavalanso, ngati wasowa chochita ndi manja ake. Adati dzina lake ndi Yusufu, adaphunzira zokonza galimoto pa koleji ija, ndipo tsopano amayendetsa lole ya bambo ake. Adatinso adali goloboyi wachiwiri wa timuyo, ndipo zaka zonse zimene adakhala pakolejipo sadagwireko mpira pa masewero enieni.

“Ali kuti a kochi? Ndidamva kuti adachoka, koma foni yawo sayankha.”

Ndidazengereza, pakuti ameneyu adali mlendo. Ndidangoti, “Ali kunyumba, koma sakupeza bwino.”

“Malungo?”

“Iyayi.”

Adandiyang'ana kanthawi. Adauza anzake kuti apitirize kupakira, ndipo adanditsatira wapansi mpaka kunyumba. Pa mtengo wa pichesi paja ndidavula jekete n'kuipinda m'nsalu.

Titafika, ndinkayembekeza kuti achita monga adachitira ena onse: kupempha mpando, kukhala moyang'anizana naye, ndi kuyamba malangizo. Sadatero. Adangoti, “Kochi.” Mwana wanga adamuyang'ana, n'kubweza maso ake kumapiri. Yusufu adakhala pabenchi pomwepo, pambali pake, phewa kufupi ndi phewa. Adaika zigongono pamawondo, nayenso nayang'ana mapiri omwewo. Ine ndidafuna kuyambitsa nkhani kuti mlendo asachite manyazi, koma adandipukusira mutu pang'ono. Ndidapita kuseri kwa nyumba kukasankha mbewu ya kachewere, makutu anga ali pakhonde.

Sindidamve kanthu nthawi yaitali. Mthunzi wa nyumba udasuntha mpaka udandipeza pamene ndidakhala. Ndidayamba kuganiza kuti mlendoyu wataya tsiku lake la malonda pachabe. Kenaka ndidamva mawu amene ndidali nditayamba kuwaiwala.

“Wanenepa, Yusufu.”

“Ndi benchi, kochi. Mudandikhazikapo kwambiri.”

Ndipo mwana wanga adaseka. Kudali kuseka kwakufupi, kouma, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa. Ndidagwira dengu ndi manja onse awiri kuti ndisalire mokweza.

Pomuperekeza, Yusufu adandifotokozera chimene sindidachimvetse zaka zonse zija. Adati tsiku lililonse la masewero kochi wamkulu ankawerenga mayina, ndipo lake silinkamveka. Ankapita kukakhala kuseri kwa shedi yokonzera galimoto, mtima uli wofuna kulongedza ndi kusiya sukulu yomwe. A kochi aang'ono ankamutsatira, n'kukhala pambali pake. Sankamulangiza, sankamulonjeza kuti sabata yamawa asewera. Ankangokhala mpaka iye mwini atayamba kulankhula.

“Munthu amene wasiyidwa kunja safuna woyang'ana nkhope yake, mayi,” adatero. “Amachita manyazi. Amafuna woyang'ana naye kumodzi. Adatiphunzitsa ndi iwowa. Ine ndikadapanda iwo, satifiketi sindikadaiona.”

Sindikunamizani kuti adachira tsiku lomwelo. Mawa lake adakhalanso chete. Koma Yusufu ankabwera tsiku lililonse la msika, n'kukhala pamalo ake aja. Pang'onopang'ono mawu adayamba kuchuluka. Ndi Yusufu amene adamunyengerera kuti akaonane ndi achipatala za kusowa tulo ndi kulemera kwa mtima, ndipo adamuperekeza yekha. Kenaka adabwera ndi dandaulo: timu ya anyamata a pamsika ili ndi goloboyi amene mpira umamupulumuka ngati wadzola mafuta m'manja, kodi a kochi sangapite kukangomuona? Mwana wanga adakana. Sabata yotsatira ndidamuona akutsimphina kulowera kubwalo, manja ali m'matumba. Madzulo a tsiku limenelo adaimbira foni mkazi wake.

Yusufu adauzanso anzake akale. Chimene chidandidabwitsa ndi chakuti amene adayamba kuimba sadali omwetsa zigoli aja amene ankaimbiridwa nyimbo pabwalo. Adali a pabenchi okhaokha: wina kalipentala, wina woika magetsi, wina mphunzitsi. Mphunzitsiyo tsopano amayang'anira zamasewero pa koleji ina yaing'ono ya aphunzitsi, ndipo kumeneko kunkafunika wachiwiri kwa kochi, woti aziyang'aniranso zipangizo zamasewero. Adauza mwana wanga kuti akayese mwayi pamodzi ndi ena. Adapita, ndipo adamutenga. Ulendo uno amene wamulemba ntchito ndi koleji yeniyeniyo, kotero kochi wamkulu akadzachoka, iye sadzachoka naye.

Amalume ake atamva adati, “Zaka zonsezi akadali wothandizira mnzake?” Ndidawayankha mwaulemu kuti inde, ndipo ndidaonjeza kuti tsopano ndikudziwa chimene amachita. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri adadziwitsidwa monga mwa mwambo, ndipo mpongozi wanga ndi Tadala adamutsatira kumeneko.

Tsiku lonyamuka ndidatulutsa jekete ija pansi pa mphasa, ndi kumupatsa. Adaigwira nthawi yaitali, akusisita chizindikiro chija ndi chala.

“Mudaitola m'dzenje, mayi?”

“Kunkazizira, bambo a Tadala.”

Adandiveka pamapewa ndi manja ake. “Kukuzizirabe,” adatero.

Lero ndili ndekha m'nyumba muno, monga ndidalili kale. Pemphero langa litayankhidwa, lidandichotsera mwana pakhonde, ndipo masiku ena ndimayang'ana kumapeto kwa benchi kuja mtima n'kuwawa. Koma ndikuthokoza Mulungu ndi mtima wonse. Ndinkayembekeza kuti mthandizi atulukira pakhomo la tchalitchi, koma Iye adamutsitsa pa lole ya kachewere, atavala kachipewa ka chipembedzo china, ndipo adamuzindikiritsa ndi chovala chimene chidatayidwa m'zinyalala. Ndikuthokozanso Yusufu, amene mpaka pano sadutsa msika uno osandipatsa moni.

Inu amene muli m'yesero, makamaka inu amene mukusenza mantha amene simungathe kuuza munthu, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atakutherani. Ndipo ngati pakhomo panu pali wina amene wakhala chete, musamuunjikire malangizo. Khalani pambali pake, yang'anani kumene akuyang'ana, ndipo dikirani.

Mwezi watha ndidapita kwa mayi woyandikana nane uja kukatenga thumba limene ndidamusungitsa. Adandifunsa ngati m'nyumba mwanga mwapezeka malo tsopano. Ndidati inde, apezeka. Mankhwalawo ndawabwezera m'chipinda chosungira mbewu, chitseko chake sindikhoma, ndipo kachewere wa chaka chino ndamupopera. Ambuye alemekezeke.