Mkaidi wa Furaha

Maclean anamuona komaliza mkulu wake Goodson ali moyo pa depoti ya Mzimba Boma, atapanikizidwa kumpando wakumbuyo m'minibasi, nkhuku ya mayi wina ili pamiyendo pake. Msilikali wopita kunkhondo ku Congo, koma nkhuku ikamujompha ankapepesa ndi iye.

Tsopano Goodson anali atamwalira, ndipo mawa lake kunali kuvundukula chiliza chake kumudzi, cha ku Embangweni. Amalume, omwe kwawoko amati asibweni, anali ataitana kale gulu la ingoma, zishango atazisasa fumbi. Mbiri ya malemu anaisenzetsa Maclean, poti ndiye anafika ku koleji. Zoti anathawako chaka chachiwiri palibe ankazitchula. Katundu yemwe anabwera naye kumeneko anali mawu akuluakulu basi, ndipo amalume anamuuza mosapita m'mbali kuti Mngoni wofera kunkhondo samunenera mbiri yozizira. N'chifukwa chake Maclean anakhazika Kopolo Wilkins, mwana wa ku Ntchisi yemwe ankagona tenti imodzi ndi Goodson, m'tiyirumu ya kuseri kwa msika, namugulira tiyi ndi masikono.

"Kopolo, ndiuzeni za nkhondo. Mkulu wanga ankakumana ndi adani?"

"Ankakumana ndi ana."

"Ana a zigawenga?"

"Ana a anthu. Makolo awo sindinawafunse ntchito."

Wilkins anafotokoza, uku akuviika sikono, kuti panjira yochoka kukampu kutsikira kukasupe, ana a m'mudzimo ankapingasa chingwe cha luzi la nthochi. Imeneyo inali rodibuloko yawo, kutengera zomwe ankaona akuluakulu akuchita. Mkulu wa pamenepo anali Furaha, kamtsikana kopanda mano akutsogolo, kovala poto wobooka kumutu. Wodutsa aliyense ankayenera kuonetsa chiphaso, ndipo chiphasocho chinali tsamba la mapeyala.

"Mbwenu, basi." Maclean anamenya patebulo. "Ndikanena kuti Goodson ankathyola marodibuloko m'mawa uliwonse."

"Sanathyolepo. Ankaima."

"Ankaima n'kuwaopseza."

"Ankaima n'kukweza manja."

"Mfuti ili kuti?"

"Ili kumsana. Manja ali m'mwamba."

Maclean anasuzumira kukhomo ngati kuti amalume angatulukire. Anafunsa motsitsa mawu ngati zinangochitika kamodzi, mwina tsiku lomwe malungo anamusokoneza mutu. Wilkins anapukusa mutu. Tsiku lililonse lomwe Goodson anatumidwa kumadzi, ankalephera kuonetsa tsamba, n'kumangidwa.

"Ndiye ankawapulumuka m'manja. Zimenezo ziwakomera chomene asibweni."

"Akanapulumuka bwanji ali ndi chilango?"

"Chilango chanjinso?"

"Kusenza zigubu za anawo, kuchoka kukasupe mpaka pamwamba pa phiri. Ziwiri m'manja, china paphewa. Furaha pambuyo ndi kabango."

Maclean anatseka maso, nafufuza m'thumba lake la mawu. "Ankathandiza anthu wamba kupeza madzi aukhondo. Ndi momwe timanenera ku koleji."

"Goodson anati munachokako."

"Zimenezo si za pachiliza, Kopolo."

"Chabwino. Koma madziwo sanali aukhondo. Ndipo sankathandiza, ankagwira ukaidi. Akataya pang'ono, ankamuwonjezera kudumpha ngati chule."

Maclean anadziona ataimirira pamanda, azibambo atagwira zibonga, nthenga zikugwedera pamutu, iye akulengeza kuti mdzukulu wa ankhondo ankadumpha ngati chule molamulidwa ndi mwana wovala poto. Anayesa khomo lina. Nyota kodi? Sanalandire. Kutamandidwa ndi akuluakulu? Anamudzudzulapo chifukwa chobwera yunifomu ili chonyowa. Nanga asilikali enawo, nawonso ankamangidwa? Wilkins anati ayi, onse ankadutsa bwinobwino, chifukwa mtengo wa mapeyala unali pageti penipeni pa kampu.

"Ndiye mukundiuza kuti mkulu wanga anali chitsiru? Mtengo uli pageti, iye osathothola tsamba?"

"Ankathothola. Sanaphonyepo."

"Nanga linkapita kuti?"

"M'sokosi. Ndinkaliona akamavula nsapato."

"Chifukwa?"

"Sindinamufunse. Mwina linkamuziziritsa phazi."

Wilkins anapempha shuga wina. Akutakasa, anawonjeza ngati akunena za mvula kuti njira ya kuphiriyo inali poyera, ndipo mabomba ankagwako osagogoda. Mwana wosenza chigubu sathamanga. Tsiku lokhala ndi mkaidi, ana ankakwera chimanjamanja, ndipo ankafika kunyumba mkaidiyo adakali pakati pa phiri, akuwefuka.

Maclean anayang'anitsitsa tiyi wake, yemwe anali atayamba kuyala kakhungu pamwamba. Panja wakabaza wina ankaliza belu kuitana anthu. Wilkins anaona madzi akutsika patsaya la mnyamatayo, nasowa poika manja. Anakanda m'mutu, nakhosomola, kenako anayesa chinthu chomwe mwina sanayesepo chibadwire.

"Achimwene, kaneneni kuti ankathyola marodibuloko. Ine ndikakhala chete. Ndikangoyang'ana pansi."

"Bodza pachiliza, Kopolo? Simuchita manyazi, munthu wamkulu?" Maclean anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Mkulu wanga anali mkaidi. Za chulezo ndikazinenanso. Asibweni akafuna kupsa mtima, akapse."

Koma mbiri ya mkaidi, anatero, siingathere m'ndende. Anthu akafunsa kuti anatuluka liti. Wilkins anaika supuni pansi. Anati bomba lomwe linatenga Goodson linagwa m'kampu masana, anthu akudya. M'mawa mwake Furaha anabwera pageti, poto ali m'manja, chingwe atachikulunga m'khwapa. Anaitanitsa womasulira, namutuma kuti akauze akuluakulu kuti mkaidi uja wamaliza chilango chake, amumasula.

Maclean anafunsa tsiku lomwe anamumasulalo.

"Pa 9 Okutobala, 2024."