Vuto Lili pa Nambala Fili

A Orton Msowoya, mkulu wa ku Capital Hill amene anasamuka ku Zomba ndi mafayilo a boma koma mtima n'kuusiya konko, anali ndi makina ojambulira nyimbo pa kaseti, a mizere inayi, ogula kwa mzungu wa ku Area 10 amene ankabwerera kwawo. Loweruka lina, 4 koloko, komiti ya mpingo inkabwera kwawo ku Area 11 kudzamva kaseti ya kwaya yawo kuti isankhe odzayimba potsegulira tchalitchi chatsopano. Kasetiyo inkamveka mokhota, choncho akazi awo, mayi Elsie, anakatenga Reinford, wokonza mawailesi pakhonde la sitolo ku Old Town, munthu woti ukamuuza kuti dikira pano umakamupeza pomwepo mawa lake.

"Makinawa afa," anatero a Msowoya, manja kumbuyo ngati akuyang'anira mayeso.

"Ayaka, bwana. Getsi lofiira ili."

"Sindikunena za getsi. Tamverani."

Anadina batani. Amayi a kwaya analowa bwinobwino, abambo n'kutsatira, limba likulira pansi pake. Kenaka panatulukira mawu ena, aakulu, olimba mtima, oyenda njira yawoyawo ngati ng'ombe yothawa dibi.

"Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Mwamva chiyani?"

"Nyimbo. Ndi munthu wina."

"Palibe munthu wina! Makinawa akupotoza mawu. Konzani."

Reinford ananyowetsa thonje ndi sipiriti, n'kupukuta kachitsulo kamene tepi imakhulapo. Thonje linatuluka lofiira.

"Hedi inali ndi fumbi."

"Ehee! Fumbi la Lilongwe! Ndinanena ine. Mzinda womanga m'munda wa chimanga. Ku Zomba fumbi tinkangolimva m'nkhani. Tayatsaninso."

Anamvetsera onse awiri, mitu itapendekeka.

"Pano akumveka bwino kwambiri," anatero Reinford mokondwa.

"Ndani?"

"Munthu uja. Poyamba amasochera mobisika. Pano akusochera poyera."

A Msowoya anapumira m'mwamba. "Ndi lamba. Lamba watha."

Reinford anamasula chivundikiro, anakoka lamba ndi chala, anamununkhiza. "Ndi wamoyo, bwana. Komanso lamba ndi mmodzi. Akatha, amakhota onse, ngakhale limba."

"Ndiye ndi liwiro. Tembenuzani kabatani ako."

Reinford anapotokola kabatani ka liwiro. Mawu aja anakwera, anafika pafupi ndi nyimbo. Amayi a kwaya anayamba kulira ngati mbewa.

"Bwererani! Bwererani!"

"Ndabwerera. Nayenso wabwerera."

"Ndi magetsi a kuno. Ndi ofooka. Magetsi a ku Zomba anali ndi mphamvu, inu."

Reinford anayang'ana wotchi ya pakhoma. "Basi ya ku Zomba inanyamuka m'mawa, bwana. Tikapita mawa, komiti itidikira?"

"Ndani wanena zopita ku Zomba?"

"Mwati magetsi ali konko."

"Aaa! Inu a Reinford, kusukulu munalekera pati?"

"Pa Mitundu, bwana. Pafupi ndi msika."

A Msowoya anakhala pampando, n'kudzukanso. Reinford analoza timabatani tinayi totsetsereka, tokwezera ndi kutsitsira mawu.

"Tiwamve mmodzimmodzi. Wani ndi ndani?"

"Amayi."

Anakweza wani yekha. Zosalala.

"Thuu?"

"Abambo. Folo ndi limba."

Zonse zosalala.

"Fili?"

"Fili ndi solo. Ndinajambula padera, kwaya itapita."

Reinford anakweza fili yekha. Galu wa nyumba yoyandikana nayo anayankha kuseri kwa mpanda.

"Lapezeka, bwana!" Anatsitsa fili mpaka pansi, n'kukweza enawo. Nyimbo inadzaza m'chipindamo, yoyera, yokoma, mpaka Reinford anavula chipewa. "Ndakonza."

"Mwakonza chiyani? Mwachotsa solo!"

"Eya. Ndi imene imavuta."

"Soloyo ndine!"

"Oo." Reinford anavalanso chipewa. "Mwaswera bwanji, bwana?"

"Nambala fili ndi yakupsa. Ndi zimene mwapeza. Mzungu uja anandigulitsa chinthu chakupsa."

"Tiyese." Anatulutsa kaseti yake yopanda kanthu m'thumba, analumikiza maikolofoni pa fili, n'kuyimba mzere umodzi wa nyimbo yomweyo, maso ali kudenga. Atabweza tepi, mawu anatuluka owongoka ngati msewu wa ku City Centre.

"Fili ndi yamoyo. Tsopano inu muyimbe pa wani."

A Msowoya anakonza tayi, anatsokomola, anaika dzanja pachifuwa. Anayimba. Reinford anabweza tepi. Galu uja anayambiranso.

"Ha! Zodabwitsa," anatero Reinford, akukanda m'mutu. "Vuto lasamuka."

"Lasamukira kuti?"

"Ku wani. Tayesani pa folo."

Anayesa pa folo.

"Lafikanso ku folo. Bwana, likukutsatirani. M'thumbamo mulibe maginito? Maginito amadana ndi tepi."

"Ndine Senior Executive Officer, ndiyenda ndi maginito?"

"Tavulani wotchi."

Anavula.

"Makiyi. Cholembera. Magalasi."

Zonse anaziunjika patebulo, n'kuyimbanso, akuphethira. Reinford anamvetsera tepi mpaka kumapeto, mwaulemu.

"Tachotsa zonse, bwana. Mwatsala inu nokha."

"Tamverani kuno, bambo. Ine ndayimba ku Zomba zaka khumi ndi zinayi! Anandipatsa malo angaanga, kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera."

"Lotsegula?"

"Nthawi zonse. Ngakhale mu Juni."

"Oo."

"Pa maukwati ankandipempha kuti ndisunge mawu, ndizingogawa mabuku. Ankati mawu ngati anga si owononga pa zinthu wamba."

"Anali anthu abwino, bwana."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Sindinganene. Anandiletsa."

"Ndani?"

"Amayi a kunyumba kuno. Anati ndisanene kuti ndi iwo."

A Msowoya anatembenukira kukhomo la kukhitchini. Mbale zimene zinkalira kumeneko zinangoti zii.

"Anati chiyani?"

"Anati makina alibe vuto, ndingotsitsa fili mwakachetechete, ndinene kuti ndakonza. Ndatsitsa mwakachetechete, ndanena kuti ndakonza. Inu ndi amene mwakana."

"Elsie ananena zimenezo?"

"M'galimoto, pa mlatho. Anatinso a kwaya onse akudziwa, koma makina ndi anu, ndiye amangoti ameni."

Apa a Msowoya anakhala pansi ndithu. Zinawapweteka, ndipo ine sindiwaseka pamenepa: zaka khumi ndi zinayi si masewera, ndiponso kumva zotere kwa munthu wonunkha sipiriti n'kowawa kuposa kuzimva kwa m'busa. Anavala magalasi, anabwezeramo kaseti ya kwaya, anakweza wani, thuu ndi folo ndi dzanja lawo, fili n'kuisiya pansi. Anamvetsera vesi yonse.

"Akuyimba bwino," anatero motsitsa.

"Kwambiri, bwana. Apambana amenewa."

"Koma komiti ndinaiuza kale kuti muli solo yanga. Ndinalemba kalata. Yotayipa."

"Ndiye tikweze fili?"

"Ayi!"

"Titsitse?"

"Akafunsa kuti solo ili kuti, inu mudzati nambala fili inapsa."

"Siinapse, bwana."

"Mudzangonena."

"Akandiuza kuti ndiyatse, iyaka. Ndaikonza ndekha, ndaipukuta. Fili imeneyi ikhala zaka teni."

Kunja kunamveka hutala, kenaka geti likukwekwereza. Pa wotchi panali patatsala mphindi zisanu kuti 4 koloko ikwane. A Msowoya anasuzumira pazenera: akuluakulu atatu a komiti ankatsika m'galimoto, ndipo wachitatuyo anali atanyamula kalata yotayipa ija.

"A Reinford."

"Wawa."

"Mwati makinawa ndi abwino?"

"Abwino zedi, bwana. Chiyambire sindinaone makina amoyo chonchi."

A Msowoya anatola sikuludiraiva patebulo, anamupatsa ndi manja awiri.

"Ndiye mukudikira chiyani, bambo? Awonongeni msanga, alendo afika."